Mlonda Wopanda Makiyi

Dzuwa likangopendeka, Mzime ankayamba kulowetsa zinthu m'nyumba. Ankayamba ndi zopepuka: matewera a pachingwe, beseni, tsache, ngakhale kampando kothyoka mwendo kamene munthu wanzeru zake sakanakatola. Kenako mwamuna wake ankatulukira pakona akukankha wilibala, m'menemo muli makina owotcherera zitsulo, chodulira chamagetsi ndi zingwe zake. Shedi imene ankagwiriramo ntchito m'mphepete mwa msewu inalibe khoma, choncho katundu yense wodyetsa banjalo ankagona pabalaza, kuseri kwa mpando waukulu, atafunditsidwa bulangete ngati mlendo wodwala.

Anthu a mumzere wa nyumba za lendi zimenezo ankangomuti Wazitsulo. Mazenera ambiri m'deralo anali ndi zitsulo zotuluka m'manja mwake, ndipo chitseko cha nyumba yake chinali chachitsulo, cholemera ngati cha kundende. Koma pakhomo la chipinda chake chogona panali nsalu yokha yotchinga.

"Chitseko chakuchipinda chija mudzapanga liti, bambo a mwana?" Mzime ankafunsa.

"Mukaime pamzere, mayi. Makasitomala ndi ambiri."

"Ine si kasitomala, ndine mkazi wanu."

"Vuto lake ndi limenelo. Mkazi sathawira kwa mmisiri wina."

Kukhoma nyumba sinali ntchito ya awiriwa. Inali ya bambo ake a Mzime, amene ankagona m'kachipinda ka pafupi ndi khomo lotulukira. Moyo wawo wonse anali mlonda: pamashopu, posungira katundu, pageti la fakitale ina imene inatsekedwa kalekale. Ndi iwo amene anayamba kumuitana kuti Mzime, poti anali womaliza kubadwa, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka kusekondale. Mayi ake atamwalira, bambowo anakakhala kaye kwa mwana wawo woyamba, mlongo wake wa Mzime, kutali ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Kumeneko onse, mwamuna ndi mkazi, ankalawirira kuntchito, n'kuwakhomera m'nyumba ndi mbale ya chakudya chozizira. Mzime atapita kukawaona anawapeza ataonda, zikhadabo zitapindika, akucheza ndi khoma. Sanagone n'komwe. Anabwera nawo pa basi yomweyo.

Kuno anatsitsimuka, chifukwa anapeza chochita. Madzulo aliwonse ankavala chijasi chawo chakale, kaya kutenthe bwanji, n'kuzungulira nyumba akugwedeza zitsulo za mazenera chimodzichimodzi.

"Apa mwawotcherera bwino, akamwini," ankatero. "Koma ichi chikulira ngati chili ndi chimfine."

"Tichipatsa mankhwala mawa, madala."

Akatero ankakhoma loko wamkati, n'kutsekanso ndi wolendewera, kenako n'kuima pakati pa balaza, makiyi ali m'manja, kubwereza malamulo amene Mzime anawamva kuyambira ali pamsana.

"Kiyi sagona paloko. Amamukankha ndi waya n'kugwera papepala lomwe alowetsa kunsi kwa chitseko. Kiyi sagona pamsomali, amamuwedza pazenera ngati nsomba. Ndipo kiyi sagona malo amodzi kawiri."

Wazitsulo ankaseka chamumtima, koma Mzime sankaseka. Chibadwire mwana wake wamkazi, makutu ake anasiya kugona. Mphaka akadumpha pamalata, iye anali atakhala kale tsonga. Woledzera akapunthwa kumsewu, dzanja lake linali litafika kale pachifuwa cha khanda m'kabedi kachitsulo kamene kanali m'mbali mwa bedi lawo. Nayenso anali ndi lamulo lake: kuchipinda kogona mwana kusakhale kanthu koitana wakuba. Mafoni ankagona m'kabati pabalaza, wailesi pabalaza, makiyi pabalaza. Akalowa, atenge zonse, koma asapeze chifukwa chokwezera nsalu ija.

Mutu wa bambo ake unali utayamba kale kutayikira, koma pang'onopang'ono, ngati ndowa yobooka kunsi. Ankafunsa ngati adya mbale ili m'manja. Ankafunsa kuti mayi ake a Mzime abwera liti kumsika. Zimenezi sizinkapweteka munthu, ndipo onse ankangoyankha mofatsa.

Tsiku lina m'mamawa Mzime anadzutsidwa ndi kamphepo kozizira. Nsalu ya pakhomo inkavina yokha. Anadzuka n'kusuzumira pabalaza. Chitseko chachitsulo chija chinali pululu, bulangete lili pansi, chodulira chamagetsi palibe. Makina owotcherera anali atakokeredwa mpaka pakhomo, n'kusiyidwa pomwepo, mwina chifukwa cholemera. Kachipinda ka bambo ake kanali kopanda munthu.

Asanadziwe kothamangira, anaona mayi woyandikana nawo, wogulitsa tomato, akubwera atawagwira dzanja madalawo.

"Ndawapeza pageti la shopu ya simenti, atakhala panjerwa," anatero mayiyo akupuma mothamanga. "Mwayi wake ndawaona ndine. Akanawaona anyamata oyendayenda usiku aja, munthu wachijasi, makiyi m'manja, pageti la eni ake... Amake mwana, sindinena zambiri."

"Palibe chalowa," bambo ake anatero akumwetulira, milomo ili gwagwagwa ndi chisanu. "Ndachezera maso. Ngakhale khoswe sanadutse."

Wazitsulo sanakalipe. Anakhala pampando nthawi yaitali akuyang'ana pamene chodulira chinkagona. Analankhula usiku, chapansipansi, kuti mawu asadutse nsalu.

"Madalawa ndimawakonda, iwenso ukudziwa. Koma makina aja akanapita, bwenzi tikudya chiyani, zitsulo? Nanga anthuwo akanalowa kuno?" Analoza kabedi ka mwana ndi chibwano. "Chitseko chikadzapezekanso chotsegula, ndidzawaimbira alamu adzawatenge. Pamenepo usadzandione ngati chilombo."

"Mukudziwa mmene ndinawapezera kumene kuja."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikuimba lero."

Kuyambira tsiku limenelo, pansi pa bedi mbali ya Wazitsulo pankagona chidutswa cha paipi.

Madzulo otsatira, bambo ake atamaliza kukhoma, Mzime anatambasula dzanja.

"Ababa, makiyi ndizisunga ine tsopano."

"Iwe? Amene unkabwera kusukulu ndi nsapato imodzi?"

"Ndinakula, ababa. Ndili ndi mwana."

Anamuyang'ana kanthawi, n'kuseka, n'kumupatsa. Mzime anaganiza kuti nkhani yatha mosavuta. Anadikira kuti alowe m'kachipinda kawo, n'kukwirira makiyiwo m'chitini cha mchere.

Pakati pa usiku anamva mapazi okwekwesa pansi, kenako chivindikiro chikuti khwe. Pofika pabalaza anawapeza ali pachitseko, chijasi chili m'thupi, kiyi ali kale m'loko.

"Ababa, mukupita kuti?"

"Nthawi yakwana. Mnzanga wamasana akudikira kuti aweruke, ali ndi ana kunyumba."

"Lero muli pa ofu. Abwana atumiza uthenga."

"Ofu? Bwanji sanandiuze ine mwini?"

"Munali mukugona."

Anang'ung'udza, koma analola kuti awavule chijasi ndi kuwafunditsa. Wazitsulo, amene tulo take tinali ta munthu wonyamula zitsulo tsiku lonse, sanatembenuke n'komwe.

Mawa lake Mzime anabisa makiyi m'jombo ya mwamuna wake. Anawapeza. Anabisa m'simbi ya makala, pansi pa phulusa. Anawapeza. Anabisa m'thumba la buluku lonyowa lomwe linali m'beseni, m'kati mwa mpando pamene nsalu inang'ambika, pamwamba pa khoma pomwe mtanda wa denga unakhazikika. Munthu amene sankakumbuka ngati wasamba ankapita molunjika, mumdima, osagunda ndi kapu yomwe. Usiku wina, ataima pabalaza makiyi ali m'manja akusowa pobisa, Mzime anazindikira chimene chinkachitika. Malo onse amene mutu wake unkamupatsa anali ochokera kwa iwo. Ali ana, bambo awo ankasewera nawo masewera omwewa: bisani, ndipeze, ndibise, mupeze. Ankabisira munthu amene anamuphunzitsa kubisa.

Sanamuuze mwamuna wake. Akanamuuza bwanji, pamene foni yopita kwa alamu ake inali pafupi? Anangosandutsa thupi lake loko wachitatu. Ankagona khutu limodzi lili kwa mwana, lina pabalaza, ndipo usiku uliwonse ankadzuka kukawabweza pachitseko ndi bodza latsopano: lero kuli sitiraka, lero geti alipenta, lero abwana akuti mupume. Masana ankasinza ataimirira. Anapsereza ndiwo. Tsiku lina anadzidzimuka atagona chokhala, mwana akutsetsereka pamiyendo, ndipo analira yekha kubafa kuti anthu asamumve.

"Maso ako afiira ngati wowotcherera ndiwe," anatero Wazitsulo. "Wandilanda ntchito?"

"Ndi mwanayu, akumera mano."

Nzeru ina inamubwerera kumsika, atadutsa pa benchi ya mkulu wina wokonza maloko. Pambali pake panali chitini chodzaza makiyi akale, adzimbiri, amasiye.

"Ndikufuna makiyi, achimwene."

"Otsegula chiyani, mayi? Mwabwera ndi loko wake?"

"Osatsegula kanthu."

Mkuluyo anatsitsa magalasi. "Chikhalire changa pano, ndinu oyamba kufuna katundu wanga chifukwa choti ndi wachabechabe. Mukawauze ndi anzanu, chitini chonsechi chikusowa banja."

Mzime anasankha ofanana kukula ndi a kunyumba, anawatsuka ndi phulusa mpaka kuwala, n'kuwamangirira pa kachingwe kofanana. Usiku umenewo anaika abodzawo m'chitini cha mchere, enieniwo n'kuwakwirira m'thumba la makala. Anagona akumvetsera. Mapazi anabwera, chivindikiro chinalira, mapazi anapita kuchitseko. Kiyi woyamba anakanda loko n'kukana. Wachiwiri anakana. Anabwereza, anabwerezanso, nthawi yaitali, mofatsa, ngati munthu amene sakukhulupirira. Kenako kunati zii. Kenako Mzime anamva phokoso limene anali asanalimvepo chibadwire, ngakhale pamaliro a mayi ake. Bambo ake ankalira.

Anawapeza atakhala pansi, msana atatsamira chitseko.

"Manja anga aiwala loko, Mzime," anatero. "Ndiye ndatsala ndi chiyani?"

Anawadzutsa n'kuwaperekeza m'kachipinda kawo.

M'mawa mutu wawo unali utayera, monga unkachitira masiku ena. Anamuitana, n'kuika makiyi aja patebulo pakati pa makapu.

"Amene anakugulitsa awa wakubera. Taona mano ake. Uyu ndi wa sutikesi, uyu wa kabati ya muofesi." Anamwa tiyi pang'ono. "Ukafuna kundibisira, uzindibisira ngati munthu wamkulu, mwanawe. Osandipatsa zidole."

"Pepani, ababa."

"Ndikukuvutitsa eti?"

"Ayi."

"Unkanama moipa uli mwana, mpaka lero sunaphunzire."

Pofika madzulo anali ataiwala zonsezo. Usiku womwewo anapeza makiyi enieni, ndipo Mzime, amene tulo tinamuba kanthawi kochepa chabe, anadzidzimuka loko wolendewera atatseguka kale, chitseko chikuyamba kulira. Anathamanga osavala ndi patapata. Akuwakokera m'kati, mawu a Wazitsulo anatuluka kuchipinda, olemera ndi tulo.

"Ndani ali pachitseko?"

"Ndine, bambo a mwana. Ndikutaya madzi a matewera."

"Usiku uno?"

"Akununkha. Gonani."

Anaima mumdima atawagwira bambo ake pakamwa ngati mwana. Anadziwa kuti bodza lotero silidutsa kawiri.

Panatsala malo amodzi okha m'nyumba monse. Bambo ake anali asanakwezepo nsalu ya chipinda cha mkamwini wawo. Ngakhale masana, akafuna kanthu, ankaima patali n'kutsokomola mpaka wina atuluke. Mutu ungatayikire bwanji, Mzime anadziuza, ulemu umenewo uli m'mafupa, sungatayike. Koma makiyi kuchipinda cha mwana! Anakhala tsiku lonse akulimbana ndi lamulo lake lomwe. Potsiriza anakumbukira mawu ena a bambo ake omwewo, oti wakuba amaopa zinthu ziwiri, galu ndi khanda, chifukwa zonse zikadzuka sizinyengereka. Ngati makiyi ayenera kulowa kuchipinda, agone pamene wakuba sangayerekeze kugwira. Anakweza kamatiresi ka mwana n'kuwalowetsa kunsi, chakumiyendo.

Kwa masiku angapo zinayenda. Ankamva mapazi akuzungulira pabalaza, zivindikiro zikutsegulidwa ndi kutsekedwa, jombo zikukhuthulidwa, kenako mapazi akubwerera m'kachipinda mogonja. Zinkamupweteka, komabe tulo tinayamba kubwera. Ndiwo zinasiya kupserera. Anayambanso kuimbira mwana nyimbo pomusambitsa.

Usiku wa tsokalo magetsi anali atazima ndipo mvula inkamenya malata, moti mapazi sanamveke. Chimene chinamudzutsa chinali neti ya mwana, imene inamukhudza pankhope ikugwedezeka. Anatsegula maso. Pakati pa iye ndi zenera panali chinthu chakuda, chachikulu, chowerama pa kabedi, mkono wake utalowa pansi pa mwana mpaka m'chigongono.

Zonse zimene ankaopa chibadwire mwanayo zinali zitaima pamenepo. Sanaganize. Pakamwa panatseguka pokha.

"Wakuba! Mwana wanga! Wakuba!"

Bedi linagwedezeka. Anamva paipi ikukwekwesa simenti, mwamuna wake akumudumpha, kenako kulira kwa chitsulo pathupi la munthu, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Kachiwiri. Chinthu chija sichinathawe. Chinagwera pa kabedi, chinakumbatira kabediko ndi thupi lonse, n'kuyamba kukuwa nachonso ndi mawu okalamba, osasa.

"Wakuba! Dzukani, akamwini! Walowa! Gwirani mwana!"

Paipi inagwa pansi n'kugubuduzika.

Zotsatira zake Mzime ankazikumbukira zidutswazidutswa. Mwana akulira mpaka kutsamwa. Iye akupapasa makoma kupita pabalaza kukafuna foni yowunikira, chifukwa kuchipinda kunalibe. Anthu oyandikana nawo akumenya chitseko chachitsulo, ena ndi zikwanje m'manja, akufunsa kuti walowera pati. Wazitsulo atagwada akungoti, "Madala, madala, madala," ngati mawu ena onse amuthawa. Ndipo makiyi, amene anthu onsewo ankawadikira panja pa mvula, anali m'dzanja la bambo ake, dzanja la mkono wothyokawo, zala zitawafumbata moti anachita kuzitambasula chimodzichimodzi.

Kuchipatala anawaika chikhakha kuyambira paphewa, n'kuwasoka pamwamba pa khutu. Namwino akuwapukuta magazi anawafunsa chomwe chinachitika, ndipo iwo anafotokoza bwinobwino, mawu ali gwa.

"Wakuba analowa, mwanangu. Amafuna kamdzukulu kanga. Ine ndinangokagonera pamwamba. Anandimenya, anandimenyanso, koma mwana sanamukhudze."

"Agogo, ndinu ngwazi," anatero namwino. "Nanga wakubayo anamugwira?"

"Afunseni akamwini angawa. Akamwini, munamugwira?"

Wazitsulo anatuluka m'chipindamo. Mzime anakamupeza kuseri kwa nyumba yachipatalayo, atatsamiritsa mphumi kukhoma, mapewa akugwedezeka. Anamuuza zonse pomwepo, za mchere, za jombo, za makiyi abodza, za madzi a matewera. Ankayembekezera ukali. Mwamunayo anangopukuta nkhope ndi malaya.

"Masiku onsewo wekha? Ine ndili mkonono?"

"Munanena kuti muimba foni."

"Ndinanena." Anamugwira dzanja. "Sapita kulikonse madalawa. Ndizigona pabalaza ineyo, pachitseko penipeni. Akafuna kukalondera, tizikalondera limodzi."

Kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri, Mzime anamva ngati wina wamutula mtolo. Koma munthu akagonekedwa m'chipatala, abale amauzidwa. Anaimba yekha foni kwa mlongo wake, n'kungoti ababa avulala.

Mlongoyo anafika tsiku lowatulutsa, atavala jekete la kuntchito. Asanalowe n'komwe m'nyumba anali atamva kale zonse kumpopi, kumene nkhani inali itatafunidwa mpaka kutha madzi: kuti chitseko chinali chokhoma m'kati, kuti zitsulo za mazenera zinali zonse bwinobwino, kuti wakuba wake palibe anamuona. Anakana mpando. Anakana ndi madzi akumwa omwe.

"Unabwera kwanga ngati wapolisi," anatero, akuyang'ana Mzime. "Unauza mtundu wonse kuti ndikuzunza bambo. Inde, ndinkawakhomera. Ndinkawasiyira chakudya chozizira, inde. Koma fupa lawo ndinathyolapo liti?"

"Achimwene, inali ngozi. Ndinakuwa ndine. Bambo a mwanawa anangomva kukuwa kwanga."

"Alamu," anayamba Wazitsulo, "ndikupempha..."

"Inu musandilankhule. Manja amenewo muzigwirira zitsulo." Anatembenukiranso kwa mlongo wake. "Longedza zovala zawo. Apo ayi, tikakambirane kupolisi, akafotokoze bwino mmene munthu amamenyera nkhalamba kawiri osaizindikira. Usankhe wekha, mwamuna kapena bambo."

"Mukawakhomeranso."

"Akakhala amoyo."

Mzime anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mwana amene ankayamwa chala pamphasa osadziwa kanthu. Anafunafuna mawu oti aimitse nawo mlongo wake, koma onse amene ankabwera anali ndi magazi a pamwamba pa khutu. Analowa m'kachipinda n'kuyamba kupinda zovala. Zinali zochepa. Anaika mankhwala pamwamba, n'kumuuza mlongoyo nthawi zomwera, kuti tiyi amakonda wotentha kwambiri, kuti akafunsa za amayi aziwayankha kuti ali m'njira.

"Ndi bambo anga inenso," anatero mlongoyo, koma mawu ake anali atafewa pang'ono.

Nthawi yonseyi madalawo anali atakhala pakhonde, mkono uli pachifuwa, akuyang'ana chikwama chikutuluka. Nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamvetsa chinthu. Anaimirira movutika, anakonza kolala ndi dzanja lamoyo, n'kupita kukaima pamaso pa Wazitsulo, miyendo pamodzi.

"Bwana," anatero. "Ndamva. Sindikudandaula."

"Madala, ndine mkamwini wanu."

"Wakuba analowa ine ndili pa ntchito. Kaya ndinasinza, kaya bwanji, sindikudziwa. Zaka zonsezi sizinandichitikirepo. Koma mlandu ndi wanga, musachotse wina. Mwandisunga bwino pano, bwana. Mundikhululukire."

Wazitsulo anagwada pafumbi, pamaso pa anthu onse a mumzere amene anali atayamba kusuzumira. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka sichinali mawu. Madalawo anachita manyazi, anayang'ana kumbali.

"Dzukani, bwana, anthu akuona. Ntchito imatha, si maliro."

"Basi itisiya," anatero mlongoyo, atanyamula chikwama.

Mzime anawaperekeza mpaka pakona, mwana ali kumsana. Ankayenda pang'onopang'ono kuti njira italike, atawagwira chigongono chabwinocho. Pakonapo bambo ake anaima, anasuzumira kankhope ka mwana, n'kukagwira tsaya ndi chala. Kenako anatsitsa mawu, ngati akuulula chinsinsi cha ntchito.

"Mayi, musachedwe kupeza wina. Wachinyamata, wamaso akuthwa. Nyumba ija muli khanda."

"Ababa, ndine Mzime."

Anamuyang'anitsitsa, mwaulemu, monga munthu amayang'anira mlendo amene watchula dzina la kwawo.

"Oo? Inenso ndili naye mwana dzina lomwelo. Wamantha ngati mbalame. Kalikonse kakati khwe, wadzuka." Anamwetulira. "Mukadzakumana naye mumuuze kuti azigona. Bambo ake alipo, akulondera."

Mlongo wake anawagwira dzanja, ndipo anawoloka nawo msewu.